KODI GALIMOTO YOKONZEDWANSO NDI YOMWE IJA?

M'dziko la Germany, nyengo yachisanu ikatha, ndipo mvula ikatsuka mchere umene amawaza m'miseu kuti usungunule madzi oundana, pamatuluka magalimoto ena amene adagona m'magaraja miyezi yonse yozizira. Eni ake amawabisa chotero chifukwa mchere ndiwo bwenzi lalikulu la dzimbiri. Munthu akayang'anitsitsa nambala za magalimotowo aona kuti zambiri zimathera ndi chilembo H, ndicho chilembo choyamba cha liu la Chijeremani lonena za mbiri yakale. Lamulo la chilembochi lidayamba m'chaka cha 1997, ndipo limati galimoto imene yakwanitsa zaka 30 chiyambire kuyenda pamseu, ikakhala yosamalika bwino ndiponso yosasiyana kwenikweni ndi m'mene idatulukira ku fakitale, iwerengedwe ngati chuma cha mbiri ya dziko. Katswiri wovomerezeka ndi boma amaiyesa, ndipo akaivomera, mwini wake amalipira msonkho umodzimodzi wa pachaka, ma euro 191 ndi masenti 73, ngakhale injini ikule motani. Amaloledwanso kulowa nayo pakati pa mizinda pamene magalimoto ena autsi saloledwa.

Pakati pa magalimoto akalewo pali mtundu wina umene uli ndi abwenzi ochuluka zedi. Pouona ndi galimoto wamba ya banja, ya mipando ya anthu anai kapena asanu ndi malo a katundu kumbuyo, yoti bambo apite nayo ku ntchito ndi kuperekezera ana ku sukulu. Koma m'kati mwake muli injini yaukali, mbale wake wa injini za mpikisano. Mtundu umenewu udatchuka kwambiri ndi kampani ya BMW ya ku Munich. Kampaniyi idatsala pang'ono kugwa m'chaka cha 1959, kotero kuti akuluakulu ake adafuna kuipereka kwa Daimler-Benz. Koma pa msonkhano wa pa 9 December chaka chomwecho eni magawo ang'onoang'ono adakana, ndipo pambuyo pake Herbert Quandt adaikamo chuma chake. BMW 1500, imene adaionetsa ku Frankfurt m'chaka cha 1961, ndiyo idalambula njira yatsopano, ndipo m'chaka cha 1968 kudatuluka BMW 2002, kagalimoto ka zitseko ziwiri, kopepuka ndi kaliwiro. Nawonso a Mercedes-Benz sadagone. M'chaka cha 1984 adayamba kugulitsa 190 E 2.3-16, imene mutu wa injini yake udakonzedwa ndi Cosworth ya ku England, ndipo a BMW adayankha ndi M3 m'chaka cha 1986, atatulutsa kale M5, imene inkamangidwa ndi manja. Pambuyo pake, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, kudabwera 500 E ya Mercedes, imene inkamangidwa mothandizana ndi Porsche ku Zuffenhausen, iliyonse ikutenga masiku 18. Amene adakhalako ku Johannesburg akudziwa mbale wina wa magalimoto amenewa, BMW 325iS yomangidwa ku Rosslyn, imene anthu a kumeneko adaitcha gusheshe.

Tsono magalimoto amenewa adakalamba, ndipo ochuluka adapita kale kophwanyira zitsulo. Otsalawo ali m'manja mwa anthu amene amawakonda, nasonkhana m'mabungwe kuti awasunge ndi kuwadzutsa. Ntchito yake si yamasewera. Munthu amagula BMW 2002 imene idaima zaka makumi awiri m'khola la pa famu, makoswe atamanga zisa m'mipando. Akachotsa makapeti apeza kuti dzimbiri lidadya pansi mpaka dothi kuonekera. Akatsegula kumbuyo apeza kuti malo amene zogwiriziza magudumu zimamangirirapo adaola. M'munsi mwa zitseko chitsulo chimafumbutuka ngati khungwa louma. Pamenepo amamasula zonse, bauti ndi bauti, naziika m'timatumba tolembedwa maina; amadula chitsulo choola naotchererapo chatsopano; injini amaiphwasula ndi kuimanganso. Zaka zitatu, zisanu, mwina khumi, zimathera m'garaja, madzulo ndi pa Loweruka. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, amadalira anzake a m'bungwe. Wina ali ndi nyali yakumbuyo yozungulira, ya magalimoto a zaka zoyamba. Wina amadziwa kuchuna pampu ya petulo ya Kugelfischer, imene amakaniko ambiri a lero sadaigwirepo. Nkhalamba imene idagwira ntchito pa magalimotowa ili mnyamata imadzidzimuka kuona achinyamata akudza kudzaifunsa nzeru. Pa tsiku la chionetsero amandanditsa magalimoto ao pa msipu, ena a utoto wonga lalanje wotchedwa Inka, ena achikasu chotchedwa Golf, natsegula mabonati kuti aliyense asuzumiremo.

Wowerenga amene chuma chake chonse choyendera ndi njinga yakapalasa angafunse kuti: kodi si kupusa kumeneku, munthu wamkulu kutaya ndalama ndi zaka pa chitsulo chosamva? Funsolo ndi loyenera, ndipo yankho lake si lalitali. Ngati ana akugona ndi njala, kapena mkazi wasanduka wamasiye mwamuna wake ali moyo m'garaja, pamenepo mlandu ulipo, ndipo ndi mlandu womwewo wa munthu wogonera ku mowa kapena ku bawo. Koma kukonza chinthu chimene anthu ena adachipanga mwaluso, m'malo mochitaya, kulibe choipa. Kumaphunzitsa kupirira ndiponso kudzichepetsa, pakuti bauti yadzimbiri siopa udindo wa munthu. Funso lolemera lili kwina, ndipo limafika pa tsiku lomwe ntchito yatha.

Wowerenga ayerekeze kuti galimoto ija ya m'khola yatuluka m'garaja ili waliwali. Pansi pake ndi patsopano. Madigadi ndi atsopano. Zitseko zidachokera ku galimoto ina imene idachita ngozi, injini ndi ya galimoto yachitatu, mipando idasokedwanso, utoto ndi wa chaka chino. Mwini wake aimirira pambali pake nanena kuti: iyi ndi galimoto ya 1972. Kodi akunena zoona?

Funsoli ndi lakale kuposa galimoto iliyonse. Plutarch, mlembi wa Chigriki, adasimba kuti anthu a ku Athens adasunga chombo cha nkhafi 30 chimene ankati ndicho adakwera ngwazi yao Theseus pochokera ku Crete. Thabwa likaola ankalichotsa naikapo lina, ndipo adatero mibadwo yambiri, kufikira anthu anzeru adayamba kutsutsana, ena nati chombo ndi chomwe chija, ena nati iai. M'chaka cha 1655 Thomas Hobbes wa ku England adaonjezapo mfundo yozunguza mutu. Nanga munthu wina akadamatola matabwa akale onse aja pamene ankatayidwa, nadzamanga nao chombo chachiwiri, chenicheni chikadakhala chiti, cha padoko kapena cha wotola uja? Mlimi amene amati khasu lake ndi la agogo ake, pamene mpini adausintha kanai ndipo chitsulo adagula chatsopano chaka chatha, ali m'bwalo limodzi ndi anzeru a ku Athens, ngakhale iye sadziwa.

Boma silingadikire kuti anthu anzeru agwirizane, choncho lidasankha yankho lachidule: galimoto ndi nambala imene fakitale idasindikiza pa chitsulo cha thupi lake. Yankholi ndi lokwanira pa msonkho ndi pa mlandu wakuba. Koma nambalayo ili pa kachitsulo kochepa ngati chikhato, ndipo munthu wodziwa kuotcherera angathe kukadula ndi kukasamutsira pa thupi lina. Zotere zimachitika kumene, kotero kuti pakati pa magalimoto a mtengo wapatali papezekapo awiri a nambala imodzi, monga zombo ziwiri za Hobbes zija. Ena amati chenicheni cha galimoto ndi chitsulo chake choyamba. Koma awa akafunsidwa kuti galimoto imaleka kukhala yomwe ija pa chitsulo chachingati, alibe poima. Pakuti matayala, batire ndi mabuleki zidasinthidwa kale galimoto isanathe zaka zisanu, ndipo palibe adadandaula. Enanso, otsata Aristotle, amati chinthu chimadziwika ndi mamangidwe ake, osati ndi zomangira zake. Malinga mamangidwe asungike, chinthu chasungika. Awa ali pafupi ndi zoona, koma nawonso pali pamene amapunthwa.

Pa 12 May 1984, potsegulira bwalo latsopano la mpikisano ku Nürburgring, a Mercedes-Benz adakonza magalimoto 20 a 190 E 2.3-16, ofanana m'zonse, nawapereka kwa akatswiri a liwiro, ambiri mwa iwo ngwazi zodziwika pa dziko lonse. Amene adapambana ndi mnyamata wa ku Brazil wa zaka 24, amene nthawi imeneyo dzina lake linali lisanamveke kwenikweni, Ayrton Senna, ndipo Niki Lauda adabwera pambuyo pake. Galimoto ya Senna kampaniyo idaisunga pamodzi ndi chuma chake chakale ku Stuttgart. Chitsulo chake sichisiyana ndi cha zinzake 19. Mamangidwe ake ndi amodzimodzi. Chimene chimaimitsa anthu patsogolo pake ndi chimene chidaichitikira pa tsiku limenelo. Apa ndi pamene pamaonekera chimene okonda magalimoto akale amakonda kwenikweni. Akadafuna liwiro lokha akadagula galimoto ya chaka chino, imene imathamanga koposa, nimwa mafuta ochepa, niteteza bwino pa ngozi. Iwo amafuna chinthu chimene chidadutsa m'zaka zakutizakuti, m'manja akutiakuti, nichifika mpaka lero. Amafuna mbiri. Ndipo mbiri siili m'chitsulo monga momwe kulemera kuliri m'chitsulo, koti munthu aike pa sikelo. Ili m'makalata, m'zithunzi ndi m'mau a anthu. Chitsulo sichilankhula. Wochilankhulira ndi mwini wake.

Chifukwa chake nkoyenera kunena kuti galimoto yokonzedwanso ndi yomwe ija malinga ulusi wa mbiri yake usaduke ndipo usanamizidwe. Mudzi ungakhale womwewo ngakhale nyumba zake zonse zidamangidwanso ndipo oyamba kukhalamo adamwalira onse, chifukwa chilichonse chidasinthika poyera, chimodzi pambuyo pa chinzake, anthu akuona ndi kukumbukira. Momwemonso chombo cha ku Athens chinali chomwe chija, popeza mzinda wonse unkadziwa kuti matabwa akusinthidwa. Chinyengo chikadayamba tsiku limene mlonda wa padoko akadaloza thabwa la dzulo, nauza mlendo kuti apa ndipo padaponda Theseus.

Osamala nyumba zakale adafika pa nzeru imeneyi kale. Chikalata cha ku Venice cha m'chaka cha 1964 chidalangiza kuti pokonza nyumba yakale chigawo chatsopano chigwirizane ndi chakale, koma chikhale chozindikirika, kuti kukonzako kusanamize mbiri. Bungwe la FIVA, limene limagwirizanitsa mabungwe a magalimoto akale a m'maiko ambiri, lidatsata njira yomweyo m'Chikalata cha ku Turin, chimene chidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2013: chosungika chisungidwe, ngakhale chili ndi zipsera za ukalamba, ndipo chosinthidwa chilembedwe. Kusintha pakokha si mlandu iai. Kumasimbidwa kuti BMW 2002 yeniyeniyo idabadwa pamene akuluakulu awiri a kampani, Alex von Falkenhausen ndi Helmut Werner Bönsch, aliyense payekha adaikitsa injini ya malita awiri m'galimoto yake ya 1600, nadzazindikira pambuyo pake kuti adachita chinthu chimodzi. Ngakhale lamulo la chilembo H limalola zosintha zimene zinali zotheka m'zaka khumi zoyamba za galimotoyo. Anthu ena a m'mabungwe, amene amakwinya nkhope akaona bauti imodzi ya mtundu wina, angachite bwino kukumbukira zimenezi.

Zonsezi zikadangokhala nkhani yochezera pa msipu wa chionetsero, ndalama zikadapanda kulowapo. Koma zidalowapo. Magalimoto amene kale anyamata ankagula motchipa chifukwa anali otha ntchito, lero akufunidwa ndi anthu achuma, makamaka aja amene adapangidwa ochepa. BMW 2002 turbo, imene idaonetsedwa m'chaka cha 1973, nthawi ya vuto la mafuta, idapangidwa 1,672 chabe. Mercedes 190 E Evolution II ya m'chaka cha 1990 idapangidwa 502, ndipo yosungika bwino mtengo wake umalingana ndi wa nyumba. Pamene mbiri yasanduka mtengo, liu lililonse limene mwini anena za galimoto yake lasanduka ndalama, ndipo liu lililonse limene abisa lasandukanso ndalama.

Thomas Woyera wa ku Aquino, amene adamwalira m'chaka cha 1274, sadaone galimoto, koma adadziwa msika wa akavalo, ndipo m'buku lake la Summa Theologiae adafufuza za chinyengo cha pa malonda. Adaphunzitsa kuti chinthu chogulitsa chingakhale ndi chilema pa mtundu wake, pa muyeso wake, kapena pa ubwino wake, ndi kuti wogulitsa chinthu chotere modziwa, wosanena, ayenera kubweza. Nkodabwitsa m'mene mau a zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo amakwanira m'garaja.

Za mtundu, chitsanzo chake ndi ichi. BMW 2002 wamba ili ndi kabureta, ndipo mphamvu yake ndi ya akavalo 100. M'chaka cha 1971 kudatuluka 2002 tii, ya pampu ija ya Kugelfischer yopopera petulo m'injini, ya akavalo 130. Kunja ziwirizi zimasiyana pang'ono chabe, koma mitengo yake lero ili kutalikutali. Tsono munthu amagula 2002 wamba, naikamo injini ya tii imene adaipeza kwina, namata zilembo zitatuzo kumbuyo. Galimotoyo imathamanga ngati tii, imalira ngati tii. Akaigulitsa ngati tii, angadzitonthoze kuti palibe wavulala, popeza wogulayo akukondwa ndipo mwina sadzadziwa mpaka kumanda. Koma wogulayo sadalipire akavalo 30 oonjezerawo okha, amene akadawapeza motchipa. Adalipira chifukwa adauzidwa kuti galimotoyi idatuluka ku fakitale ili tii, ndipo chimenecho sichidachitike. Wapereka ndalama zenizeni, walandira mbiri yopeka. Kusadziwa kwake sikuchepetsa kubako, monga momwe tulo ta mwini nkhokwe sitiyeretsa wofukula chimanga usiku. Komanso zotere sizibisika nthawi zonse, pakuti kampani imasunga mabuku ake akale, ndipo munthu akatumiza nambala ya galimoto amamuuza mtundu wake, tsiku limene idapangidwa ndi utoto wake woyamba.

Za muyeso nkhani yake ndi yaifupi. Pa magalimoto ambiri a zaka zimenezo chowerengera makilomita chili ndi manambala asanu okha, ndipo chikafika pa 99,999 chimayambiranso. Galimoto yoonetsa 60,000 ingakhale itayenda 160,000 kapena 260,000. Wogulitsa amene akudziwa zimenezi, koma akafunsidwa angoloza chala nati, “Onani nokha, bwana,” wanama ndi chala.

Za ubwino ndiye pali zoopsa, chifukwa pano pali moyo wa munthu. Kudula chitsulo choola ndi kuotcherera chatsopano ndi ntchito ya miyezi. Kumata fila pamwamba pa dzimbiri, kupala ndi kupaka utoto ndi ntchito ya masiku ochepa, ndipo pa tsiku logulitsa ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Nchifukwa chake ogula ochenjera amayenda ndi kamaginito m'thumba, pakuti maginito amakana kumamatira pa fila wokhuthala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thomas Woyera adasiyanitsa bwino pa nkhaniyi. Chilema choonekera, monga kavalo wa diso limodzi, wogulitsa sayenera kuchilengeza pamsika, malinga atsitse mtengo moyenera. Koma chilema chobisika, chimene chingaike wogula pangozi kapena kumtayitsa chuma, ayenera kuchinena, ngakhale asafunsidwe. Utoto wofifira ndi mpando wong'ambika ndiwo diso limodzi la kavalo. Dzimbiri lophimbidwa pa malo ogwiriziza gudumu, m'galimoto yoti idzathamange pa miseu ikuluikulu ya ku Germany, imene mbali zake zina zilibe malire a liwiro, ndi msampha wotchera munthu amene wogulitsayo adagwirana naye chanza.

Koma milandu imeneyi ndi yapoyera, ndipo anthu a m'mabungwe amadana nayo. Pali wina wovuta koposa, umene umagwira anthu abwino. Munthu wosauka pang'ono, amene sangathe kugula tii yeniyeni, amadzimangira yake ya chifaniziro, ndipo sabisa. Anzake onse a m'bungwe akudziwa, ndipo iye mwini amaseka nazo. Mpaka apa palibe cholakwa. Patapita zaka amaigulitsa kwa mnzake, namuuza zoona pakamwa. Mnzakeyo adzaigulitsa kwa mlendo, ndipo sanama, koma sanenanso. Mlendoyo akamwalira ana ake aona zilembo zitatu kumbuyo, nalemba pa chidziwitso cha malonda kuti tii, ndi mtima woyera. Palibe mmodzi adanena bodza lathunthu, koma bodza lathunthu labadwa, ndipo wina walipira. Kodi wopalamula ndani? Wachiwiri uja ali ndi gawo lalikulu, pakuti adakhala chete pamene chete adampindulira. Koma woyambayo sali woyera kotheratu. Adapanga chinthu chimene chidzakhala moyo kuposa iye, chimene maonekedwe ake amanena china pamene mbiri yake inena china, ndipo adasiya choonadi pa lilime lokha, pamene akudziwa kuti malilime amafa. Kukadamtengera ola limodzi kulemba zonse m'buku la galimotoyo, kusindikiza chizindikiro pa chitsulo pamalo obisika, kapena kungoleka kumata zilembo zija. Amene amasunga zithunzi za ntchito yonse, malisiti ndi maina a magalimoto amene adapereka zitseko ndi injini, ena amawaseka kuti ndi anthu a mapepala. Koma mwa ntchito zonse za m'garaja imeneyi ndiyo imasunga galimoto kuti ikhalebe yomwe ija.

Pali mbali ina ya chiphunzitso cha Thomas Woyera imene ogula sakonda kuimva. Iye adati lamulo lomwelo limamanganso wogula: munthu akagulitsa golide poyesa mkuwa, ndipo wogula akudziwa kuti ndi golide, wogulayo wagula mosalungama, ndipo ayenera kubweza. Tsono pakati pa okonda magalimoto akale palibe nthano yokoma kuposa ya munthu amene adatola galimoto yosowa pa mtengo wa nkhuku. Imasimbidwa pa chionetsero chilichonse, anthu akuseka ndi kusirira, ndipo kawirikawiri m'nthanomo mumakhala munthu wachiwiri amene satchulidwa bwino.

Wowerenga ayerekezenso. Mai wamasiye wa m'mudzi wina wa ku Bavaria afuna kuchotsa galimoto ya malemu mwamuna wake, imene yaima m'garaja chimwalirire iye. Maiyo sadziwa za magalimoto. Akudziwa chabe kuti ndi yakale, kuti siyaka, ndi kuti akufuna malo. Watchula mtengo wa galimoto yotha ntchito. Wogula wafika, watsegula bonati, waona pampu ya Kugelfischer. Wapukuta fumbi pa nambala, ndipo mtima wake wagunda, pakuti ndi tii yeniyeni, ya mwini mmodzi, mabuku ake onse ali m'kabokosi ka kutsogolo. Sadaname kanthu. Mtengo adatchula ndi maiyo. Angathenso kunena kuti kudziwa kwake adakuvutikira zaka zambiri, ndipo nkoyenera kuti kumpindulire. Kuti galimotoyo idzamdyera ndalama ndi zaka isanayende. Kuti iye akaisiya adzabwera wamalonda amene sadzaikonda nkomwe. M'mau amenewa muli zoona ndithu. Luso la munthu lili ndi mtengo, ndipo palibe lamulo loti wogula alipire mtengo wa galimoto yokonzedwa pa galimoto yosakonzedwa, kapena kuti aulule malingaliro ake onse pokambirana. Anthu awiri odziwa akakumana pamsika, wina napambana mnzake pa kuyerekeza, palibe mlandu.

Koma pano sipali anthu awiri odziwa. Maiyo sadalakwe pa kuyerekeza mtengo. Sadziwa chimene akugulitsa. Akugulitsa golide poyesa mkuwa, ndipo phindu lonse la wogulayo lagona pa kusadziwako. Chilungamo chimafuna mau ochepa chabe: “Amai, galimoto ya bamboyi si wamba iai, ndi ya mtundu wosowa, ndipo mtengo mwatchulawu ndi wochepa kwambiri. Ine ndingathe kupereka zakuti. Koma ngati mufuna, yambani mwaitana katswiri aione.” Mau amenewa angamtayitse galimotoyo, ndipo nkutheka kuti sadzapezanso ina yotere moyo wake wonse, nchifukwa chake ali olemera pakamwa.

Akapanda kuwanena, adzaikweza pa ngolo tsiku lomwelo, asanabwere mwana wa maiyo. Adzaikonza mwaluso zaka zinai. Buku lake lidzakhala lodzaza: chithunzi cha bauti iliyonse, lisiti la chitsulo chilichonse, kalata ya ku fakitale yotsimikiza mtundu ndi utoto, ngakhale chithunzi cha malemu uja ataima pambali pa galimoto yake yatsopano m'chaka cha 1972. Pa chionetsero adzaliika pa bonati kuti aliyense atsegule. Tsamba limodzi lokha adzalisiya kunyumba m'dirowa, lija pali dzina la maiyo ndi ndalama zimene adalandira.